Do-file yomweyo, manambala osiyana: ndalumikiza Stata ku warehouse koma ndasokonezeka

Nachisale, Lachinayi m'mawa

Abale a pa gulu lino, ndithandizeni nzeru. Ndimagwira ntchito pa bungwe lina lobwereketsa ndalama kwa magulu a amayi ndi alimi, ndipo gawo langa ndi kuwerengera momwe ngongole zikubwezedwera. Kwa zaka zinayi, mwezi ukatha anzathu a IT ankanditumizira fayilo ya CSV, ine n'kuilowetsa mu Stata, pulogalamu yosanthulira deta. Chaka chino deta ya nthambi zathu zonse aisonkhanitsa mu warehouse imodzi (nkhokwe yaikulu ya deta) ya PostgreSQL, ndipo andipatsa dzina ndi pasiwedi kuti ndizikoka ndekha kudzera pa ODBC, njira yolumikizira pulogalamu ku database. Ndinasangalala kwambiri chifukwa kudikira fayilo ija kunkandidyera masiku atatu.

Koma taonani zomwe zandichitikira. Lolemba ndinayendetsa do-file yanga (fayilo ya malamulo a Stata), ndinapeza chiwerengero cha ngongole zochedwa za mwezi wa Malichi, ndinalemba ripoti n'kupereka kwa abwana. Dzulo anandipempha kuti ndiwonjezere tebulo limodzi. Ndayendetsanso do-file yomweyo, osasintha ngakhale chilembo chimodzi, ndipo ngongole zochedwa zachepa. Malichi anatha kale, ndiye zikusintha bwanji? Usiku sindinagone bwino, chifukwa ripotilo likupita kwa a bodi.

Vuto lachiwiri ndi lakuti ndikakoka tebulo lonse la malipiro, laputopu yanga imauma kwa mphindi makumi awiri, nthawi zina Stata imangotseka yokha. Ili ndi RAM ya 8GB.

Che Amidu, Lachinayi m'mawa

Achemwali, khazikani mtima pansi, simunalakwitse kanthu. Ine ndimasamala ma database ku Blantyre kuno ndipo funso ili ndalimva kambirimbiri kwa anthu amene angosiya kumene CSV.

Fayilo imene ankakutumizirani inali ngati madzi a mu ndowa. Munthu anatunga tsiku limodzi, ndowa ija inakhala pakhonde panu, ndipo mukaiyeza lero kapena mawa ndi madzi omwewo. Tsopano akuikani pa mtsinje penipeni. Warehouse imadzazidwa usiku uliwonse, kwina ola lililonse, kuchokera ku sisitimu imene nthambi zikugwiritsa ntchito. Mlangizi amene anatolera ndalama kumudzi pa 29 Malichi, mwina netiweki kunalibe, mwina risiti inakhala m'chikwama, walowetsa malipirowo sabata ino koma ndi tsiku la 29 Malichi. Kwa inu ngongole ija Lolemba inali yochedwa, Lachitatu ndi yolipidwa pa nthawi yake. Onjezanipo malipiro olakwika amene akauntanti wawabweza, ndi amene anaikidwa pa munthu wina n'kukonzedwa.

Kafunseni a IT funso limodzi ili: kodi tebulo la malipiro lili ndi masiku awiri, tsiku limene ndalama inaperekedwa ndi tsiku limene mzerewo unalowa mu sisitimu? Nthawi zambiri lachiwirili limatchedwa created_at kapena loaded_at. Ngati lilipo, muwerenge mizere ya Malichi imene inalowa Lolemba litadutsa. Ndikukhulupirira kuti kusiyana kwanu kuli pamenepo.

Nachisale, Lachinayi masana

Zikomo Che Amidu. Kolamu ya created_at ilipo, ndinkaiona koma sindinkadziwa ntchito yake. Ndiyesa ndikamaliza msonkhano.

aPhiri a ku Zomba, Lachinayi masana

Ine ndiyankhepo za kuuma kwa laputopu. Stata imasunga deta yonse imene mukugwira mu RAM, ndipo pulogalamu ya R nayonso ndi chimodzimodzi. Mukalemba odbc load n'kutchula tebulo lonse, mukuuza seva kuti itumize mzere uliwonse kuyambira tsiku limene bungwe linayamba, udutse pa netiweki ya mu ofesi, ukalowe mu 8GB yanuyo. Komanso driver (kapulogalamu kolumikizira) ya PostgreSQL ya ODBC, mukapanda kuisintha, imayamba yalandira zotsatira zonse n'kuzisunga isanapereke ku Stata, ndiye katunduyo amakhala pawiri. Mu zosankha za DSN (kulumikiza kumene munakonza mu ODBC) muli kabokosi ka Use Declare/Fetch, kachongeni kuti izitenga pang'onopang'ono.

Koma mankhwala enieni ndi kusakoka zonse. Seva ija anaigulira ntchito yosefa ndi kuphatikiza, ipatseni ntchitoyo. Lamulo la odbc load limalola kuti mulembe SQL yanu, chinenero chofunsira database, kudzera pa exec. Chinthu ngati ichi:

SELECT nthambi, tsiku_lolipira, SUM(ndalama), COUNT(*) FROM malipiro WHERE tsiku_lolipira BETWEEN '2025-03-01' AND '2025-03-31' GROUP BY nthambi, tsiku_lolipira

Mizere mamiliyoni imasanduka mazana ochepa isanachoke pa seva. Ngati mukufuna regression pa munthu aliyense, kokanibe mizere ya anthu, koma makolamu asanu ndi awiri amene mukuwafunawo basi, ndi miyezi imene mukuifunayo basi.

Ife a R zinthu zinatiphwekera ndi dbplyr. Umalemba filter, group_by ndi summarise monga mwa masiku onse, iyo imazisandutsa SQL n'kutumiza ku seva, ndipo palibe chimene chimabwera pa kompyuta yako mpaka utalemba collect. Ndimawauza ophunzira anga kuti asanalembe collect ayambe aona show_query, awerenge SQL imene yatuluka. Sindikuti musiye Stata ayi. Kuyambira Stata 17, ya 2021, mulinso lamulo la jdbc ngati ODBC ikukuvutani.

Mai Gondwe, Lachinayi madzulo

Pepani ndilowerere ndi langa, poti likufanana. Ine ndimagwiritsa SPSS pa Windows. Ndapanga DSN bwinobwino, ndikadina Test ikuti zatheka, koma mu SPSS siikuoneka, ndipo tsiku lina inandilembera uthenga wa architecture mismatch between the Driver and Application. Mwana wa IT wa kuntchito kwathu wayesa masiku awiri.

Che Amidu, Lachinayi madzulo

Mai Gondwe, pamenepo ndi nkhani ya 32-bit ndi 64-bit. Windows ili ndi mapulogalamu awiri opangira DSN, ndipo onse fayilo yake dzina ndi limodzi, odbcad32.exe. Ya mu foda ya System32 ndi ya 64-bit, ya mu SysWOW64 ndi ya 32-bit. Maina a mafodawo amasocheretsa anthu ambiri chifukwa amamveka mosemphana. Ngati SPSS yanu ndi ya 64-bit, driver ikhalenso ya 64-bit ndipo DSN ipangidwe mu pulogalamu ya 64-bit. Pa Start lembani ODBC, zituluka ziwiri, sankhani yolembedwa 64-bit. Muuzeni mnyamatayo ayambe waona driver imene anaika.

Mai Gondwe, Lachisanu m'mawa

Zatheka bambo! Driver inali ya 32-bit. Mulungu akudalitseni.

Nabanda, Lachisanu m'mawa

Achemwali a Nachisale, musanakhulupirire nambala iliyonse yochokera ku warehouse, khalani pansi tsiku limodzi muone kolamu iliyonse momwe yafikira mu Stata. Ine ndinaphunzira izi movutikira pa kafukufuku wina wa zaumoyo, ndiye ndikuuzani zimene zinandiluma.

Manambala a makasitomala. Mu warehouse amakhala aatali, manambala khumi kapena kuposa. Mu Stata, mukalemba generate osatchula mtundu, chimene chimapangidwa ndi float, ndipo float imasunga manambala athunthu molondola mpaka 16,777,216 basi. Kupitirira apo imayamba kuzungulitsa. Ine ndinakopera nambala ya wodwala mu variable yatsopano, anthu awiri osiyana anasanduka munthu mmodzi, merge inayenda osadandaula, ndipo ndinazindikira patapita milungu iwiri nditaona mayi wa zaka 60 ali ndi mbiri ya sikelo ya mwana. Lembani generate double, kapena bwino koposa, nambala yozindikiritsa munthu muisunge ngati string chifukwa simudzaiphatikiza ndi chilichonse. Manambala a foni chimodzimodzi: 0999 kapena 0888 akangosanduka nambala, ziro woyambayo wapita.

Malo opanda kanthu. NULL ya mu SQL imafika mu Stata ngati kadontho, ndipo Stata imaona kadonthoko ngati nambala yaikulu kuposa zonse. Mukalemba kuti count if masiku_ochedwa > 30, onse amene alibe nambala alowa m'gulu la ochedwa. SQL ikanawasiya kunja. Ndiye funso limodzi lomwelo, mukalifunsa pa seva ndi mu Stata, mayankho amasiyana, ndipo palibe uthenga wofiira umene ukuchenjezeni.

Masiku nawonso ali ndi zawo. Stata ndi SAS zimawerenga kuyambira pa 1 Januwale 1960, R kuyambira pa 1 Januwale 1970, SPSS kuyambira pa 14 Okutobala 1582. Mukamapatsirana deta ndi mnzanu wa pulogalamu ina n'kuona tsiku lasuntha ndi zaka khumi, musayang'ane kutali. Ndipo tsiku lokhala ndi nthawi mu Stata limawerengedwa mu ma millisecond, liyenera kukhala double.

Tadala ku Joni, Lachisanu masana

Moni nonse. Ine ndili ku Johannesburg, kampani yathu imagwiritsa BigQuery, ndipo kale ndinagwirako pa Snowflake, onse ndi ma warehouse a mu cloud. Zimene anena aPhiri zosakoka tebulo lonse, kwa ife ndi nkhani ya ndalama, osati kuuma kwa laputopu kokha. BigQuery imalipiritsa potengera kuchuluka kwa deta imene query yawerenga. SELECT * imawerenga makolamu onse, ndipo kuika LIMIT 100 kumapeto sikuchepetsa bilu, chifukwa yawerenga kale. Mnzathu wina watsopano anaika query yotere mu loop ya R, ikuyenda kambirimbiri usiku wonse, m'mawa kunali msonkhano wovuta. Masiku ano aliyense amayamba ndi dry run kuti aone ma gigabyte asanadine. Kwa mabungwe a kumudzi amene bilu yake imabwera mu madola, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, izi si zoseweretsa.

Pa vuto la manambala osintha, ma warehouse a mu cloud ali ndi chinthu chotchedwa time travel. Mu BigQuery ungafunse tebulo momwe linalili pa nthawi ina m'masiku asanu ndi awiri apitawa, ndi FOR SYSTEM_TIME AS OF. Mu Snowflake ndi tsiku limodzi poyambira, mpaka masiku 90 ngati muli pa Enterprise. PostgreSQL ilibe zimenezi mwachibadwa. Komanso ngakhale kwa ife, masiku asanu ndi awiri sathandiza oditala akabwera patatha miyezi isanu ndi umodzi.

Che Amidu, Lachisanu masana

Ndi zoona Tadala. N'chifukwa chake ine ndimati ripoti lililonse lopita kwa a bodi, kwa opereka thandizo kapena ku Reserve Bank likhale ndi ndowa yake. Mwakoka deta lero, isungeni momwe ilili, dzina la fayilo likhale ndi tsiku ndi ola, SQL imene munagwiritsa ikhale pambali pake. Do-file igawike pawiri: yoyamba yokoka, yachiwiri yosanthula. Yachiwiriyo isakhudze seva n'komwe, iziwerenga fayilo yosungidwa ija. Abwana akapempha tebulo lina Lachitatu, mukuyendetsa yachiwiri yokha ndipo manambala agwirizana ndi a Lolemba.

Mphatso K., Lachisanu madzulo

Akuluakulu, ndikhululukireni koma apa sindikugwirizana nanu. Bungwe lawononga ndalama zambiri kumanga warehouse kuti anthu asiye kuyenda ndi mafayilo, aliyense ndi nambala yake. Tsopano mukuwauza achemwaliwa kuti abwerere ku mafayilo omwewo? Chaka chamawa mudzapeza malichi_final, malichi_final2, malichi_yeniyeni pa malaputopu asanu. Ndipo muganizire zomwe zili mu detayo: maina a amayi, manambala a foni, midzi yawo, ngongole zawo. Laputopu imabedwa m'minibasi. Tili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024 tsopano, ndipo MACRA ndi imene inapatsidwa udindo woyang'anira. Mayi wa ku Mitundu amene anabwereka ndalama ya feteleza sanavomere kuti mbiri yake izigona mu chikwama cha munthu.

Komanso ngati nambala ya Lachitatu ndi imene ili yolondola, bwanji tikuumirira ya Lolemba?

Nabanda, Lachisanu madzulo

A Mphatso, pa za laputopu mwanena zoona ndipo ine ndavomera. Koma funso lanu lomaliza lili ndi yankho. Palibe amene akuti ya Lolemba ndi yolondola kuposa ya Lachitatu. Nkhani ndi yakuti ripoti limodzi lisakhale ndi tebulo loyamba la Lolemba ndi tebulo lachinayi la Lachitatu, maperesenti osagwirizana. Ndipo munthu akakufunsa kuti nambala iyi unaipeza bwanji, uzitha kuipezanso pamaso pake. Dashibodi yoonera momwe zinthu zilili lero, imeneyo ilumikizidwe ku mtsinje, palibe vuto. Koma model imene mwaipanga kuti idziwe amene angalephere kubweza, kapena pepala la kafukufuku, ziyenera kuima pa deta yosasuntha.

Ndiwonjezere kena kamene anthu sakadziwa. SQL yopanda ORDER BY silonjeza kuti mizere ibwera mu ndondomeko yomweyo nthawi zonse. Ndiye ngakhale mutalemba set seed, sample yanu kapena bootstrap yanu ikhoza kusiyana chifukwa mizere yafika mosinthana. Sanjani ndi nambala yosabwereza musanachite chilichonse chamwayi.

Che Amidu, Loweruka m'mawa

A Mphatso mwandikonza bwino, ndinalankhula mofupikitsa. Ndowa ija siyenera kukhala pa laputopu. Njira imene ndimachita kuno ndi iyi. Ndimawapangira osanthula deta schema yawoyawo (chipinda chawo cha matebulo) mkati mwa warehouse momwemo, momwe amaloledwa kulemba. Mwezi ukatsekedwa, amapanga tebulo ndi CREATE TABLE AS SELECT, dzina lake likhala ndi tsiku, ndipo Stata kapena R imawerenga tebulo limenelo. Lili pa seva, limalowa mu backup, ndipo ine ndikuona amene walitsegula. Kunja kwa schema imeneyo akaunti yawo ndi yowerenga basi, singasinthe kapena kufufuta kanthu.

Chachiwiri, sindiwapatsa matebulo enieni. Ndimapanga view (tebulo loonetsa makolamu osankhidwa okha) imene ilibe dzina, foni kapena nambala ya chiphaso, ili ndi nambala ya kasitomala yobisika, boma, zaka ndi zina zofunika pa kusanthula. A Nachisale safuna dzina la mayi kuti awerengere ngongole zochedwa. Akafuna kugwirira ntchito kunyumba magetsi atavuta ku ofesi, chimene chingatuluke ndi deta yopanda maina imeneyo, pa laputopu yokhala ndi encryption.

Ndipo chonde nonse, pasiwedi isalembedwe mu do-file kapena mu script. Mafayilo amenewa timatumizirana pa imelo ndi pa WhatsApp, ena amafika pa GitHub. A R gwiritsani keyring kapena fayilo ya .Renviron. A Stata lolani kuti ikufunseni pasiwedi polumikiza.

Mphatso K., Loweruka m'mawa

Ikakhala mkati mwa warehouse, ine ndilibe mawu. Chimene ndimakana ndi ma flash.

aPhiri a ku Zomba, Loweruka masana

Che Amidu, funso kwa inu. Seva imene a Nachisale akulumikizako, ngati ili yomweyo imene nthambi zikulowetsera malipiro, query yolemera masana singachedwetse ma teller?

Che Amidu, Loweruka masana

Ingachedwetse ndithu, ndipo n'chifukwa chake warehouse imakhala yosiyana ndi sisitimu ya tsiku ndi tsiku. Ngati bungwe lili laling'ono ndipo zonse zili pamodzi, apemphe read replica, kope la database lowerenga basi. PostgreSQL ilinso ndi statement_timeout, ndimaiika pa akaunti za osanthula kuti query yosochera ife yokha isanagwetse anzawo.

Nachisale, Lolemba masana

Abale, ndabwera ndi zomwe ndapeza. Ndakhala pa nkhaniyi Loweruka lonse.

Che Amidu munalondola. Malipiro ambiri a Malichi analowa mochedwa, pafupifupi onse ochokera ku nthambi ziwiri zakutali kumene alangizi amabwera ku ofesi kamodzi pa sabata. Nditaika malire pa created_at kuti ndione zokhazo zimene zinalipo Lolemba lija m'mawa, nambala inayandikira kwambiri ya mu ripoti. Koma inatsala pang'ono, ndipo kotsalako n'kumene kanandiphunzitsa zambiri.

Choyamba, nthawi ya mu warehouse ili mu UTC, ife tili patsogolo ndi maola awiri. Amayi ena amalipira pa foni usiku. Amene analipira 1 koloko usiku wa pa 1 Epulo, mu tebulo akuoneka ngati analipira 11 koloko usiku wa pa 31 Malichi. CSV yakale ija a IT ankaisintha okha nthawi asanatumize, ine osadziwa. Tsopano ndaika AT TIME ZONE 'Africa/Blantyre' mu SQL. Izi sizinali kusintha pakati pa Lolemba ndi Lachitatu, koma zikutanthauza kuti manambala anga onse awiri anali osiyana pang'ono ndi a ku akaunti.

Chachiwiri chinandiopsa. Tebulo la makasitomala limasunga mbiri: munthu akasamutsidwa kuchoka ku nthambi ina kupita ku ina, mzere wakale sufufutidwa, pamabwera watsopano, uliwonse ndi tsiku loyambira ndi lothera. Ine ndinalumikiza matebulo ndi nambala ya kasitomala yokha. Ndiye aliyense amene anasamukapo, ngongole yake inawerengedwa kawiri. Ndinazindikira nditatsatira malangizo a Nabanda, ndinalemba isid, lamulo loona ngati nambala sikubwerezedwa, pa nambala ya ngongole ndipo Stata inakana. Ndinatsegula browse, ndinaona gulu limodzi la amayi likuoneka kawiri, mzere wina nthambi yakale, wina yatsopano, ndalama zofanana ndendende. Lachiwiri lapitalo gulu lina linasamutsidwa, n'chifukwa chake nambala inagwedezekanso pamenepo. Ndakonza polumikiza ndi tsiku, kuti malipiro agwere pa mzere umene unali wamoyo tsiku limenelo.

Lero m'mawa ndakalankhula ndi abwana, ndawaonetsa zonse pa sikirini. Ripoti tilikonza lisanapite kwa a bodi, ndipo pansi pa tebulo lililonse ndilemba tsiku ndi ola limene deta inakokedwa. Agwirizananso ndi a ku akaunti kuti mwezi uzitsekedwa pa 5 mwezi wotsatira, ndipo ine ndizitunga pambuyo pake.

Nabanda, Lolemba masana

Mwachita bwino kupita nokha kwa abwana. Mu do-file yokokayo ikani isid ndi assert pa chiwerengero cha mizere, ndipo muyerekeze ndalama zonse pamodzi ndi zimene seva ikupereka pa SUM. Zikasiyana, iime pomwepo.

Nachisale, Lolemba madzulo

Ndaika kale. Che Amidu, a IT athu avomera za view yopanda maina, koma za schema yoti ndizilembamo akukayika, akuti sanapatsepo munthu wa kunja kwa dipatimenti yawo chilolezo cholemba. Mungandilembere ma GRANT enieni (malamulo opereka chilolezo) amene mumapereka, kuti ndikawaonetse kuti sindingakhudze matebulo awo? Ndikumana nawo Lachitatu 9 koloko.

Che Amidu, Lolemba madzulo

Ndi mizere inayi yokha. CONNECT pa database, USAGE pa schema imene muli ma view, SELECT pa ma view amene mwagwirizana, kenako USAGE ndi CREATE pa schema yanuyo. Pa matebulo awo musapemphe INSERT, UPDATE kapena DELETE. Akakayikabe, auzeni kuti tebulo la mwezi azilipanga okha ndi job yoyenda usiku wa pa 5 mwezi uliwonse, inu muzingowerenga. Mundiuze dzina la schema yawo, ndikulemberani mawa ndisanalowe mu ofesi.